Bokosi la Ozella Silitsekedwa Asanaimbe

Ozella Broadnax anandilamula ali chigonere m'chipatala, timapaipi tili m'mphuno, thupi litatha, koma pakamwa pali pomwe paja.

"Earline, tsiku langa likafika, kwaya isandiimbire nyimbo yanga. Ana a masiku ano amaithamangitsa ngati asiya nyemba pamoto. Ndidzaimba ndekha. Mudzaike chimbale changa bokosi lisanatsekedwe."

"Iwe, taleka za maliro."

"Ndikambe za ukwati? Pamsinkhu uno? Lonjeza, mkazi iwe."

Ndinalonjeza nditagwira dzanja lake, ndipo Mulungu anali pomwepo, anamva. Sabata isanathe Ozella anapita kwawo.

Chimbale chimenecho tinajambula ndife a kwaya ya mpingo wathu kuno ku Detroit, tili atsikana. Tinadinda zochepa n'kumagulitsa pakhomo la tchalitchi. Zina zinapita ndi madzi osefukira m'zipinda zapansi, zina ndi moto, zina ana anataya pogawana katundu wa makolo awo. Chinatsala n'cha Ozella chokha. Nyimbo yoyamba ya mbali yachiwiri anaipeka yekha ali pamakina osokera mipando ya galimoto kufakitale, ndipo ankaitsogolera yekha. Imanena za munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse, belu lalira, ndiye akuti Ambuye ndaweruka, nditsegulireni geti.

Ndinachipeza kunyumba kwake pamwamba pa chitsulo chotenthetsera m'nyumba, kuseri kwa zithunzi za adzukulu. Ozella, Ozella! Zaka zonsezi chimbale chikuwotha moto nyengo iliyonse yachisanu. Chinali chitapindika m'mbali ngati chipewa chopitira kutchalitchi. Lamont, mwana wake, anachiika pa kagalamafoni ka mayi ake. Chitangozungulira, singano inakwera phiri n'kudumphira kunja.

"Chatha ichi, amayi," anatero Lamont. "Tingoifufuza pafoni nyimboyo."

"Fufuza."

Anafufuza mpaka chala kutopa. Munalibe.

"Basi, kwaya idzaimbe. Adzadziwa ndani?"

"Adzadziwa ndani! Iwe Lamont, ndinakusinthapo matewera ine. Mayi ako sanapemphe bokosi lagolide, sanapemphe mdipiti wa galimoto zazitali. Anapempha kuimba basi. Ukufuna kuwatseka pakamwa iwe amene unayamwa bere lawo?"

Anaweramitsa mutu. Ndi mwana wabwino, kungoti chisoni chinamutopetsa ndipo ankafuna zonse zingotha. Ndinatenga chimbalecho n'kulunjika kwa a Thurman Askew.

A Thurman ndi dikoni wathu, ndipo ankaimba besi m'kwaya yomwe ija. Chimwalirireni akazi awo, chipinda chapansi cha nyumba yawo anachisandutsa kachisi. Mawu amenewa ndikuwanena ndikudziwa kulemera kwake. Polowa umavula nsapato. Muli mpando umodzi wokha, pakati penipeni, ndipo kutsogolo kwake, pashelefu yokhomeredwa kukhoma la simenti, pali galamafoni yawo. Gudumu lake, pomwe chimbale chimakhala, ndi lochindikala ngati keke ya ukwati, loonekera mkati ngati madzi oundana. Anthu aja m'chipululu anasungunula ndolo zawo kuti apange mwana wa ng'ombe. A Thurman anasungunula penshoni.

Anasolola chimbalecho m'chikwama chake ndi nsonga za zala, n'kuchiyang'ana cham'mbali atatsinzina diso limodzi.

"Achemwali, ichi si chimbale. Ili ndi beseni."

"Chiimbitseni."

"Pa singano yanga? Fumbi lonseli? Taonani, apa pali ngati jamu."

"Ndi jamu wa mapichesi wa Ozella, ndipo munkamudya osadandaula."

"Kodi mukudziwa kuti singano imeneyi..."

"Musandiuze mtengo wake, a Dikoni, ndingachimwe. Lamlungu lililonse mumaima kutsogolo kupempherera amasiye ndi odwala, mawu akunjenjemera, ife n'kumati amen. Lero wakufa wafika pakhomo panu kudzabwereka singano, inu mukuti singano ingadetsedwe. Tsiku lija simudzafunsidwa ngati singano yanu inali yoyera. Mudzafunsidwa za Ozella."

A Thurman anapita nacho pasinki, n'kuchitsuka ndi madzi awoawo a m'botolo ndi kaburashi kofewa, mwaulemu ngati akusambitsa khanda. Chitauma anayamba kulankhula, osandiyang'ana.

"Vuto si jamu. Singano imafuna msewu wosalala. Chimbale chiyenera kugona phwatalala pagudumu, chimamatire, zikhale ngati chinthu chimodzi. Mbali yoyamba njosavuta chifukwa yatumphuka pakati, ukapsinja pakatipo imagona. Koma nyimbo ya Ozella ili mbali yomwe m'mphepete mwayang'ana kumwamba. Kupsinja kokha sikungathandize."

"Ngakhale atafa akuvutabe," ndinatero.

Anatenga kamphete ka labala n'kukalowetsa pa kamsomali ka pakati pa gudumu. Pamwamba pake anaika chimbale. Kenako anatenga chopanira, chinthu cha mkuwa chachikulu ngati chibakera cha mwamuna, cholemera, chokhala ndi kamutu kopotokola kuti chigwire kamsomali kaja. Anapsinja n'kumapotokola pang'onopang'ono. Ndi maso anga ndinaona m'mphepete mwa chimbale mukutsika, mukutsika, mpaka kugona, ngati munthu wouma khosi amene pomaliza wagwada.

"Choyala chija cha labala simuikapo?" ndinafunsa. "Yathu yakale inali nacho."

"Zoyala n'za magudumu achitsulo, amene amalira ngati belu ukawagogoda. Labala, chikopa, nsalu, zimenezo n'zowatontholetsera. Gudumu ili sililira. Chilichonse mungayale apa chingolekanitsa chimbale ndi gudumu, basi tagwa nayo."

Anatsitsa singano. Kunathetheka pang'ono, piyano inalowa, kenako Ozella, wa zaka zake za usungwana, anapuma mpweya m'chipinda chimenecho n'kuyamba. Sanamalize ngakhale mzere woyamba. A Thurman anakweza singano msangamsanga, n'kundipatsa msana, akupukuta magalasi awo.

"Galamafoniyi ndiibweretsa kutchalitchi Lachisanu masana," anatero. "Koma mumve bwino, achemwali. Pasapezeke woikhudza."

Lachisanu anaibweretsa ataikulunga m'mabulangete ngati wodwala. Anaiika pakatebulo pafupi ndi gome la Ambuye, n'kuiyeza ndi levulo ngati akumanga maziko a nyumba. Chopanira anachisiya pambali pake, kamphete kaja anaika m'thumba la jekete, chimbale ndinapita nacho kwathu. Pomaliza anaphimba zonse ndi nsalu yoyera. Anachenjeza wosesa, anachenjeza a kwaya, anachenjeza ngakhale abusa. Amene sanawachenjeze ndi amayi akuluakulu a mpingo, ovala zoyera aja a pabenchi yakutsogolo, chifukwa amayi amenewo sauzidwa kanthu. Iwo ndi amene amauza.

Mmawa wa maliro aliwonse amayiwa amalawirira kudzaveka tchalitchi. Mtsogoleri wawo ndi Amayi Luvenia Stokes, amene anadutsa zaka makumi asanu ndi anayi kalekale. Chilichonse choima kutsogolo amachiyalira kansalu koyera koluka pamanja, kokhwimitsa ndi sitachi: piyano, guwa, choikapo maluwa, ngakhale jagi ya madzi ya abusa. Chiyambire mpingo wathu zakhala choncho. Ineyo ndimazidziwa, a Thurman amazidziwa, koma palibe wa ife anaziganizira.

Loweruka, tsiku la maliro, kunatentha koopsa. Tchalitchi chinadzaza mpaka m'makonde, zokupizira zamapepala zili petupetu. A Thurman analowa ndi madikoni anzawo kutsogolo kwa bokosi, ine ndinali pantchito yanga yolandira anthu, nditavala magulovesi oyera. Abusa Gholston analalika bwino, sindikana. Anthu anaona nkhope, n'kubwerera m'malo mwawo. Kenako abusa anati, "Tsopano mlongo wathu atiimbira yekha."

Ndinapereka chimbale kwa a Thurman. Anavundukula nsalu ija, n'kuuma pomwepo.

Pagudumu panali kansalu koluka, kozungulira bwino, ka maluwa otumphuka ngati timfundo, kamsomali katatulukira pabowo la pakati ngati anachita kuyeza. Chopanira panalibe.

A Thurman anayang'ana pansi pa tebulo, kuseri kwa maluwa, pansi pa tebulo kachiwiri. Nkhope yawo inachita phulusa. Kenako anatsina kansaluko ndi zala ziwiri, monga muja munthu amanyamulira khoswe wakufa, n'kukagwetsera pansi.

Tchalitchi chonse chinati, "Hiii!"

"Thurman Askew." Anali Amayi Stokes, ataima pandodo yawo. Samakweza mawu, safunikira kutero. "Tola."

"Amayi, chitsulo changa chili kuti? Chinali apa."

"Ndati tola. Patsogolo pa gome la Ambuye sipaima chinthu chamaliseche."

"Si maliseche, amayi, chinapangidwa choncho! Nsalu imeneyi ili ndi mfundo, chimbale chikhala bwanji pamfundo? Chitsulo changa chili kuti?"

Amayi Stokes anakhala pansi, n'kupinda manja pachifuwa, n'kutseka pakamwa kuti mbee. Amayi anzawo onse pabenchi anapindanso manja. Ndinadziwa kuti tapsa. Amayi amenewo akatseka pakamwa, ngakhale lipenga lomaliza lingayambe lapempha chilolezo.

Bambo wa kampani ya maliro, wa suti yakuda uja, anasendera kwa abusa n'kuloza wotchi yake. Ndinamva akunong'ona kuti kumanda ali ndi nthawi yawo, pali maliro ena pambuyo pathu. Lamont anadzuka, maso ali psuu, n'kubwera pamene ndinaima.

"Amayi, chonde, zatikwana. Anthu akutiyang'ana. Kwaya ingoimba."

Abusa anagwedezera mutu woimba piyano. Piyano inayamba, mothamanga, ndendende momwe Ozella ankadanirana nazo. Bambo wa suti uja anatambasula dzanja kuchivindikiro cha bokosi.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamenepo ndi mawondo angawa. Ndinangoona gulovesi yanga ili pachivindikiro, pamwamba pa dzanja la bamboyo.

"Chotsani dzanja, bambo. Manda sathawa." Ndinatembenukira kupiyano. "Iwe, leka!" Analeka. "Abusa, mundikhululukire, mundiitane ku bwalo la akulu a mpingo mawa ngati mufuna. Koma ine ndinalonjeza pamaso pa Mulungu, ndipo bokosi ili silitsekedwa mwini wake asanaimbe. Taonani manyazi awa! Mkazi uyu anatumikira mpingo uno chiyambire usungwana wake. Anaimba pa maukwati anu, anaimba poika amuna anu, anaphikira ana anu mutagona m'chipatala. Wapempha nyimbo imodzi. Imodzi! Ndiye wina akulira chitsulo chake, wina akulira nsalu yake, wina akulira wotchi. Akulira Ozella ndani muno?"

Zokupizira zonse zinaima.

Ndinapita kwa Amayi Stokes n'kuwerama. Ndili pafupi choncho ndinaona zala zawo, zotupa m'mfundo ndi nyamakazi.

"Ndaluka sabata yonse, Earline," anandinong'oneza. "Zala izi zinasiya kalekale kugwira koroshi. Ndinamva kuti aimba, ndiye ndinati mwana wanga asaimbire pachinthu chozizira chopanda choyala. Ndinachita kufunsa kukula kwa chimbale. Ndiye uyu akataye pansi ngati chopukutira mapazi?"

Mkwiyo wanga unasamuka kuchoka kwa iwo n'kukatera pa a Thurman wonse.

"A Dikoni, mwamva?"

Anali atamva. A Thurman ali ndi bondo loipa, pa mgonero amagwada ndi limodzi. Koma tsiku limenelo anagwada ndi onse awiri, pamaso pa mpingo wonse, n'kutola kansaluko. Anakasansa, n'kukapinda, n'kuyenda nako m'manja awiri mpaka pabenchi yakutsogolo.

"Ndalakwa, amayi. Ndi kokongola. Pagudumu sikangakhale, chifukwa Ozella sangamveke. Koma ndalakwa kukataya."

Amayi Stokes anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Analandira kansaluko n'kukapereka kwa Lamont. "Kakaike m'manja mwa mayi ako." Kenako anatembenukira kwa ine. "Chitsulo chili kukhichini. Chivindikiro cha poto wa masamba chimavinavina, ndiye ndinati chinthu cholemera chotere chisangokhala."

A Thurman anatseka maso. Milomo yawo inkagwedera, ndipo ndikukhulupirira kuti linali pemphero.

Ndinatsika ndekha masitepe opita kukhichini. Nkhuku inali m'mafuta, makaroni a tchizi mu uvuni, buledi wa chimanga akuzizira pawindo. Ndipo apo, pamwamba pa poto wamkulu wa masamba ophikira nyama ya nkhumba, panakhala chopanira cha a Thurman, chikutuluka thukuta la mafuta. Chinkatentha kosagwirika. Ndinachigwetsera m'sinki, n'kuchitsegulira madzi ozizira, n'kuchitsuka ndi sopo wa mbale, azimayi ophika akundiyang'ana ngati ndapenga.

"Achemwali, nanga poto wathu?"

"Khalanipo nokha!"

Ndinakwera nacho, ndikuchipukuta ndi magulovesi anga, n'kuyenda nacho pakati pa tchalitchi, makosi onse akutembenuka. A Thurman anachilandira, n'kuchinunkhiza. Kamphete kanalowa pamsomali, chimbale pamwamba, chopanira pamwamba pa chimbale. Anapotokola, m'mphepete munagona. Singano inatsika.

Ozella anayamba. Mawu ake anadzaza tchalitchi mpaka kudenga, onenepa, osafulumira. Wina kumbuyo anakuwa, "Imba, Ozella!" Ndipo mpingo wathu unachita zomwe umachita nthawi zonse Mzimu ukatsika. Manja anayamba kuomba, mapazi anayamba kuponda. Pansi pa tchalitchi chathu ndi pamatabwa akale. Anthu mazana akaponda pamodzi, ngakhale madzi a m'jagi ya abusa amavina. Katebulo kanagwedezeka, singano inadumpha, masipika anati khweee, ndipo Ozella anadulidwa pakati pa liwu.

A Thurman anakweza singano. Anapendeketsa mutu kuyang'ana timizere ta chimbale.

"Yakanda pang'ono," anandiuza motsitsa. "Ikadumphanso chonchi, ikumba. Kwathu kuja shelefu ili pakhoma la simenti, apa ndi pamatabwa. Sindinaganize."

Ndinatembenukira kumpingo. Mawu anali atandithera, koma mkwiyo unalipo wokwanira.

"Abale, kodi simungakhale phee ngakhale kamodzi? Moyo wake wonse mwakhala mukumuimbira pamwamba, kumuponderera ndi mapazi anu. Lero mumvereni!"

"Koma Mzimu ukatigwira, achemwali?" anafunsa bambo wina chapakati.

"Ukugwireni mumtima. Mapazi uwasiye."

Ena anaseka m'misozi. Abusa Gholston anaimirira n'kukweza dzanja. "Mwamva, mpingo. Aliyense akhale pansi. Amene sangathe kudzigwira, mnzake amugwire bondo." Amayi Stokes anagoneka ndodo yawo pamiyendo kuti isagogode. Bambo wa suti uja anayang'ananso wotchi yake, kenako anaika dzanja kumbuyo.

Singano inatsikanso.

Ndakhala mumpingo umenewu moyo wanga wonse, sindinauonepo uli chete nyimbo ikuimbidwa. Anthu akuluakulu, ozolowera kudumpha ndi kuthamanga m'mipata, anakhala atagwirana mawondo, misozi ikutsikira m'makolala, palibe wokweza dzanja kuti aipukute. Ndipo m'bata limenelo tinamva zomwe sitinazimvepo m'zaka zonse zomwe tinkamuombera m'manja. Tinamva mmene amakokera mpweya asanakwere pamwamba. Tinamva pomwe mawu ake amasweka pang'ono akamati ndatopa. Pansi pake, chapatali, panali besi ya a Thurman ali mnyamata, ndipo penapake m'gulu la atsikana munali ine. Pomwe panakandika paja chimbale chinati thi, thi, thi, n'kudutsa. Ozella anafika pageti, anagogoda, anagogodanso, n'kulikoka liwu lomaliza lija mpaka linathera lokha.

Palibe anati amen. Gudumu linkazungulirabe. A Thurman anakweza singano isanalowe nyimbo yotsatira, n'kuimirira pambali manja ali kutsogolo.

Lamont anawerama n'kupsompsona mayi ake pachipumi. Atadzuka anandiyang'ana, nanenso ndinayang'ana bambo wa suti yakuda uja.

"Tsekani tsopano," ndinatero.